Mango a Mkamwini

Kwathu mtengo wa mango ukakana kubereka amautema. Sindikunena zougwetsa ayi. Munthu amatenga chikwanje nyengo yozizira ili pakati, maluwa asanatuluke, n'kuyamba kukhapa khungwa kuzungulira thunthu lonse mpaka utomoni uchite chuchuchu. Ena ankachita kuutukwana akuutema, ati umve manyazi. Mitengo ikuluikulu ya kuseri kwa nyumba ya amayi, ija inamera ife tisanabadwe, inali zipsera zokhazokha, ndipo inkabereka ndithu, zaka zina mpaka nthambi kuthyoka. Ndiye ndani akanatiuza kuti chikwanje si mankhwala?

Katswiri wa ntchito imeneyi anali achimwene anga, oyamba kubadwa m'mimba mwathu, amenenso anali mwinimbumba popeza amalume onse anali atatha. Anakwatira kumudzi woyandikana nafe, koma phazi linali kwathu tsiku ndi tsiku. Anali amtima wapachala, ngati ine ndemwe, sindibisa. Tikayambana awirife nkhuku zinkathawa pabwalo. Masiku amenewo anali atalowa gulu la anyamata a chipani, aja a malaya ofiira amene ankaima pachipata cha msika wa Chonde kufunsa makhadi a chipanicho, ndiye mapewa anali m'mwamba. Chikwanje chawo chinkadziwika mudzi wonse, chifukwa chogwirira chake chinang'aluka iwo n'kuchikulunga ndi waya wamkuwa.

Amuna anga anali a tsidya la Muloza, cha ku Milange. Anabwera kudzagwira ntchito ku esiteti ya tiyi, ku nazale, kumene amalera mbande zisanapite kumunda. Anandipeza pa Chitakale ndikugulitsa nthochi, anagula masiku atatu otsatizana osanena kanthu, mpaka ndinawafunsa ndine ngati kwawo kuli anyani oweta. Tinakwatirana, nabwera kudzakhala kwathu monga mwa mwambo. Anali ofatsa moti nthawi zina ndinkawaputa dala kuti ndione ngati magazi amayenda m'thupimo. M'thumba la malaya ankayenda ndi kampeni kopinda, kakuthwa kuposa lezala, kamene sankandilola n'komwe kusendera chinangwa.

Tsono mkamwini kwathu sabzala mtengo. Palibe anaimika lamulo limeneli, koma aliyense amalidziwa. Amalima chimanga, nandolo, chinangwa, zinthu zoti tsiku limene akuchikazi akuuza kuti pinda mphasa yako uzipita, usasiye mtima m'munda mwa eni. Kubzala mtengo pa nthaka ya mkazi ndiko kuuza abale ake kuti pano ndafika, sindichoka. N'chifukwa chake mango ambiri kwathu anali ongodzimerera pamene mwana anataya njere, akalisere ang'onoang'ono aulusi wokodwa m'mano, opanda wowasamala. Achimwene enieniwo, kumene anakwatirako, sanabzaleko ngakhale papaya.

Amuna anga anabzala mitengo khumi ndi iwiri m'munda umene amayi anandigawira, kuyambira kumsewu mpaka pachulu. Anayamba ndi njere za kalisere wamba. Patatha chaka, timitengo titafika m'chiuno, anayamba ntchito imene ankaitcha kumezanitsa. Ankadula mutu wa kamtengo, kung'amba pang'ono ndi kampeni kaja, kulowetsamo kanthambi kochokera pa mtengo wina wa ku esiteti wobereka mango akuluakulu opanda ulusi, n'kumanga zolimba ndi timizere ta chubu cha njinga. Pamene anamangapo pankatsala chotupa ngati bondo. Anandiuza kangapo konse, ine ndikumva ndi khutu limodzi, kuti mtengo weniweni ndi wa pamwamba pa bondolo, wapansiwo ndi kalisere wongobereka mnzake kumsana.

Anthu ankawaseka, nanenso ndinkathandiza kuseka. Anatalikitsa mitengo moti pakati pake pakanalowa ina iwiri, anthu ati mkamwini akuseweretsa malo. Mango ogwa okha a pamitengo ya amayi ankawatola n'kuwakwirira m'dzenje lakuya, ati mphutsi za m'katimo ndizo zimasanduka ntchentche zoboola mango a chaka chamawa. Mudzi wonse unkati kwathu kuli mkamwini woika maliro a mango. Ana ogenda mitengo ankawathamangitsa mwaulemu, moti anawo ankabwerera iwo asanalowe n'komwe m'nyumba. Ndipo ankati chimene chimalanda mango ku Mulanje kuno si ulesi wa mtengo, koma chiperoni, kamvula kaja kowaza usana ndi usiku osaleka. Maluwa akanyowa masiku ambiri amada n'kuyoyoka, basi chaka chapita.

Ndi mmene zinachitikiradi. Chaka choyamba chimene mitengo yathu inachita maluwa, chiperoni chinatsika kuphiri n'kukhala sabata yathunthu ngati mlendo wopanda manyazi. Maluwa anada bii, pansi ponse yoyoyo. Chaka chotsatira chimodzimodzi. Pamenepo mitengo inali itakula, thunthu ngati musi, mthunzi wake utayamba kupha nandolo. Tinatolapo mango asanu kapena asanu ndi limodzi, nawonso anagwa osakhwima.

Achimwene anaitanitsa nkhani pakhonde la amayi Lamulungu lina titachoka kutchalitchi. Anabwera atavala malaya ofiira aja dala, pamene kunalibe msonkhano uliwonse. Anayamba ndi kuwerenga zaka zimene munda wakhala osatulutsa kanthu, kenako anati mitengo yaulesi imafuna chikwanje, koma mlamu wawo akuisisita ngati mkazi wachiwiri.

"Alamu, munda uja ndi wa mbumba yanga, si wa azungu a ku esiteti. Chaka chino ikapanda kubereka ndizula mitengo, ndizulanso amene anaibzala."

Amuna anga anayankha motsitsa mawu kuti mitengoyo ilibe vuto, ikungofuna dzuwa pa nthawi ya maluwa. Amayi sanadzutse mutu, ankasankha nandolo m'lichero. Ine ndiye ndinalavula zakukhosi. Ndinawauza achimwene kuti akazule kaye udzu wa padenga la apongozi awo, ndinawakumbutsa kuti malaya ofiira si ndevu, ndi zina zimene sindingalembe pano. Koma pakamwa pokha. Ndinkaopa, chifukwa ndinkadziwa kuti mwinimbumba akanena pamaso pa amayi, amayi osatsutsa, nkhani yatha. Ndinali ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu kumsana, ndipo bambo ake ndinkawakonda, kuwakonda kwenikweni, ngakhale sindinawauzepo. Sindinkafuna kuti achoke.

Kumtsinje amayi anzanga ankangobwereza nyimbo imodzi, yakuti mtengo wosatemedwa subereka, taona ya amayi ako. Ndinawapempha amuna anga kuti angoikhapa pang'ono, kungokandako chabe, kuti anthu atseke pakamwa. Anaseka nati mtengo suopa munthu, komanso khungwa la mitengo yawo likadali lanthete, silingafanane ndi la mitengo yakalekale. Ndinawapemphanso kawiri, anakana kawiri. Ndinapsa mtima. Ndinati mumtima, bambo awa aphunzira kwa azungu mpaka aiwala zimene mwana aliyense amadziwa, ndiye ndiwapulumutsa ndine, adzandithokoza akudya mango.

Lachitatu m'mawa atapita kuntchito ndinakabwereka chikwanje kwa achimwene, chifukwa chathu chinali chobuntha. Ndinanama kuti ndikufuna kukadula nkhuni. Anandipatsa akung'ung'udza kuti mkazi wokwatiwa azibwerekabe zida kwawo. Kumunda ndinatsitsa mwana, kumugoneka pachitenje pamthunzi, n'kuyambira mtengo wa kumsewu.

Ndinatema ngati mmene ndinkaonera achimwene akutemera mitengo ya amayi, ndi mphamvu zonse, manja awiri. Ndinayambira pabondo penipeni, poganiza kuti pamenepo ndi polimba, ndipo pamene pali mwano wa mtengowo. Chikwanje chinalowa khapu, mpaka ndinachita kuponda thunthu ndi phazi kuti chizuke. Khungwa linkasendeka ngati la chinangwa, mkati moyera mbee mukuonekera. Ndinazungulira mtengo wonse, kenako wachiwiri, wachitatu. Utomoni unandithira kumaso, unandiwotcha pamilomo, sindinaleke. Ndinkaitukwana, ndikunena kuti bereka iwe, ukufuna kundithetsera banja? Uliwonse ndinkautema ngati ndikutema pakamwa pa achimwene. Pofika wa khumi ndi umodzi manja anali atachita matuza, ena ataphulika.

Mwana ndiye anakuwa, kukuwa kwachilendo. Linthumbu linali litamupeza pachitenje paja, lili m'khosi, m'makutu, m'matako monse. Ndinaponya chikwanje pansi, kumunyamula, kumuvula, kuthamanga naye kunyumba ndikumuthothola nyererezo m'njira. Mtengo wa pachulu, wotsiriza, unatsala wosakhudzidwa. Chikwanje ndinachiiwala pomwepo.

Amuna anga anali ndi chizolowezi chodzera kumunda akaweruka, asanafike kunyumba. Dzuwa litapendeka ndinali pamtondo pamene ndinawaona akubwera, chikwanje cha waya wamkuwa chili m'manja, malaya onse ali utomoni ngati anachita kuikumbatira mitengoyo. Nkhope imeneyo sindinaionepo. Maso anali gwa. Anachiika chikwanje pakhomo mosamala, n'kundifunsa funso limodzi lokha.

"Achimwene anu ali kuti?"

Ndinali ndi pakamwa, pakamwa pomwe paja pothawitsa nkhuku. Ndinabisa manja amatuza m'chitenje, n'kunena kuti ali ku mowa wa masese kumapeto kwa mudzi. Mulungu andikhululukire, ndi zokhazo zimene ndinanena. Iwo anatembenuka, ine ndinamusiya mwana kwa amayi n'kuwatsatira m'mbuyo.

Pamowapo panali anthu ambiri, ndi anyamata anayi a malaya ofiira atakhala pabenchi limodzi ndi achimwene. Amuna anga sanapereke moni. Anafunsa pamaso pa onse kuti chifukwa chiyani atema mitengo chaka chisanathe, pamene anapangana kudikira. Achimwene anatsitsa chipanda pang'onopang'ono. Anayang'ana mlamu wawo, kenako anayang'ana ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, ine ndinayang'ana pansi.

"Ndatema, nanga mutani? Malo ndi athu."

Mpaka lero sindidziwa ngati ananena zimenezo pofuna kunditchinjiriza kapena chifukwa cha matama, poti anzawo anali pompo. Mwina zonse ziwiri. Mawu asanathe, amuna anga, munthu amene sanapondepo ndi galu yemwe, anawamenya chibakera pakamwa, phwa, chipanda uko, benchi n'kugwa. Achimwene anadzuka akulavula magazi, nawalumphira. Anagwetsana pa mbiya ya mowa, mbiya n'kusweka, masese mbwee pansi ponse. Achimwene anali athupi, anakhala pamwamba, mawondo pachifuwa, manja onse awiri pakhosi. Ndinaona maso a amuna anga akutuluka, lilime likuda, miyendo ikupalasa matope a mowa. Ndinawagwira achimwene malaya kumbuyo, anandikankha ndi chigongono pakamwa, dzino langa lakutsogolo linathera pamenepo.

Kenako ndinaona dzanja la amuna anga likufufuza m'thumba. Kampeni kaja sikanachite phokoso. Kanangodutsa kamodzi, ndipo khutu lamanzere la achimwene linatsala likulendewera pa kachikopa, magazi akuthamanga m'khosi mpaka malaya ofiira anada. Anakuwa ngati nkhumba, n'kugubuduzika atagwira mutu.

Apo anyamata aja anaona kuti nkhani yasanduka yawo. Wina anati mlendo wa tsidya wabaya munthu wa chipani. Anatenga miyendo ya benchi, nkhuni, wina pampu ya njinga. Anawamenya m'nthiti, kumsana, m'mutu, osasankha. Amayi ogulitsa mowa anathawira m'chinangwa. Mmodzi anaponda mkono wamanja wa amuna anga, mnzake n'kutola mwala wa pamafuwa, uli wotentha, n'kuutsitsa pa zala katatu. Ndinamva mafupa akulira ngati mapesi ouma. Ndinadziponya pamwamba pawo, ndodo zina zinatera ine, ndikukuwa kuti mwapha, mwapha. Ndinakuwa mawu ambiri madzulo amenewo, koma akuti ndatema ndine sanatuluke.

Anyamata aja anawasiya chifukwa achimwene anali atakomoka ndipo panafunika anthu owanyamula kupita nawo kuchipatala ku boma. Pochoka anati abweranso mawa ndi galimoto, ndipo tonse tinkadziwa kuti munthu wotengedwa ndi galimoto pa mlandu wokhudza chipani sankafunsidwa kuti inayamba bwanji. Amayi anawamanga amuna anga dzanja ndi timitengo ndi nsanza. M'mawa mwake mnzawo wa ku nazale anawakweza pa njinga, ine ndikuyenda pambali, mpaka tinapeza lole yopita ku Muloza. Sitinadzere pachipata cha malire. Tinatsikira kumunsi kumene anthu amawoloka ndi miyendo. Ali m'mphepete mwa madzi anandiuza, akulankhula movutika chifukwa cha nthiti, kuti ndizithirira mtengo wa pachulu ndi kuchotsa mphukira zonse zotuluka pansi pa bondo. Ndinavomera ndi mutu, iwo anawoloka.

Tsono imvani nkhanza za chaka chimenecho. Chiperoni sichinabwere. Kumwamba kunali mbee mwezi wonse wa maluwa, phiri likuoneka mwala uliwonse. Mitengo khumi ndi umodzi ija masamba anafota, anasanduka ofiira, mphepo inathyola ina pabondo penipeni. Pansi pa mabala panatuluka mphukira zambirimbiri, akalisere okhaokha. Koma wa pachulu unachita maluwa moti njuchi zinkamveka uli kumsewu, ndipo unagwira mango mpaka ndinachita kuchirikiza nthambi ndi mphanda. Mitengo ya amayi inabereka, yotemedwa ndi yosatemedwa yomwe, mudzi wonse mango anali kuwolera pansi. Ndikanangokhala manja lende miyezi iwiri, yonse khumi ndi iwiri ikanabereka. Ndinkapita kukathirira ndikulira, ndikudzitukwana mokweza ngati wamisala.

Mango atapsa ndinathyola abwino okhaokha, kudzaza dengu, mwana kumsana, ulendo wa ku Milange. Amuna anga ndinawapeza kwa mlongo wawo atakhala pampando pambali pa nkhokwe, ataonda. Dzanja lamanja linali litapola mopindika, zala zitakhwinyata ngati phazi la nkhuku yakufa. Anakondwa kuona mwana. Bango loyamba ndinawasendera ndine, chifukwa iwo sakanatha kugwira mpeni. Anadya, madzi akutsikira pachigongono, nati ndi amenewa, ndi amene ankanena aja. Anafunsa ngati alamu awo anachira. Ndinati anachira, koma khutu analidula lonse kuchipatala ndipo mbali imeneyo samva.

Pamenepo ndiye zinandikanika kusunga. Ndinagwada, n'kuwauza zonse, kuyambira kubwereka chikwanje mpaka linthumbu. Ndinawaonetsa zipsera za matuza m'manja. Ndinawapempha kuti andimenye ndi dzanja latsalalo, anditukwane, achite chilichonse. Sanandiyang'ane. Anayang'ana zala zawo nthawi yaitali, bango lodya theka lili pamwendo, ntchentche zitayamba kuterapo.

"Ndiye khutu la alamu ndinadula chabe?"

Ndinati eya. Anakankhira dengu kwa ine ndi phazi, pang'onopang'ono, osati mwaukali.

"Mango awa si anga. Kawapatseni iwo."

Ndinafunsa ngati adzabwerera zinthu zikazizira. Anati anyamata a chipani akhoza kuiwala, koma mkamwini amene wakhetsa magazi a mwinimbumba wosalakwa alibe pokhala pabwalo limenelo, ndipo sangathe kundiyang'ana ndikugwira chikwanje ngakhale podula nkhuni. Anamugwira mwana pamutu, n'kulowa m'nyumba. Sindinawaonenso. Zaka zingapo pambuyo pake nkhondo ya tsidyalo inafika poipa, anthu a kumeneko anakhamukira kuno miyandamiyanda, ndinafunsa aliyense amene ndinakumana naye, palibe anandiuza zogwirika.

Dengu ndinabwerera nalo pamutu, lolemera chimodzimodzi kupatula bango limodzi. Sindinafikire kwathu. Ndinapita kumene anakwatira achimwene, ndinawapeza pakhonde akusoka thumba. Malaya ofiira anali atasiya kuvala, ati anzawo ankawaseka. Chichitikireni ndewu ija tinali tisanalankhulane. Ndinatula dengu pamapazi pawo n'kunena kuti alamu anu akuti awa ndi anu. Anatembenuza mutu kuti ndibwereze kumbali yakumva, ndipo ndinaona pamene panali khutu, kabowo kozunguliridwa ndi chipsera chonyezimira. Ndinabwereza.

Anasankha limodzi, kulisenda ndi mano, kudya mpaka njere kuyera. Anapitisa lilime m'mano, nati alibedi ulusi. Kenako anapukuta manja pa kabudula, n'kutolanso singano yawo.

"Chikwanje changa chija unabwereka kuti ukadule nkhuni, sunabweze mpaka lero."

Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana kabowo kaja, kenako ndinatembenuka, ulendo wa kunyumba kukatenga chikwanjecho.